Si Adokotala, Ndi Mzamba

Stefano mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano dzuwa likadali pamwamba pa fakitale ya tiyi, ndipo cholembera ichi ndi chako, ndachitenga m'thumba la malaya ako osakupempha. Ndikulemba chifukwa masiku ano kuyankhula nawe ndi ntchito. Ndikati nditsegule pakamwa, foni yalira. Ndikati ndipitirize, iwe "ndamva, ababa," maso ali pafoni pomwepo. Sunamve kanthu. Ndiye pepala ili ndiliika m'nsapato yako yakumanja kuti mawa uliwerenge usanavale, ufune usafune.

Mawa ukupita ku Lilongwe milungu iwiri. Bungwe lanu la anamwino lakusankha kuti ukhale kazembe, ukaphunzire kukopa achinyamata kuti azikonda ntchito ya unamwino ndi uzamba, kenaka ubwere kuno ku Thyolo usankhe akazembe ena, ukuti netiweki. Netiweki imene ndimaidziwa ine ndi ija timakwerera pachulu kuseri kwa malayini, nyumba za antchito a esiteti, kuti foni igwire, koma ndamva chimene ukutanthauza: anthu ambiri onena nkhani imodzi, aliyense kwawo. Ndasangalala, usaganize kuti sindinasangalale. Koma ndakwiyanso, ndipo mkwiyowo ndi umene wandigwiritsa cholembera.

Lero m'tchalitchi a mkulu wa mpingo aimirira n'kunena kuti, "Tiwapempherere adokotala athu, akupita ku Lilongwe." Mpingo wonse m'manja phwaphwaphwa. Iwe waimirira, wamwetulira, waweramitsa mutu, wakhala pansi. Koma iwe! Kazembe wa anamwino wolephera kunena kuti ndi namwino pamaso pa anthu amene anamuona akuyenda wopanda kabudula? Mabenchi awiri kumbuyo kwako kunakhala Rozina, mwana wa a Mulima, anzanga aja otchola tiyi kumtunda. Rozina wasankhidwa kusukulu ya unamwino, kalata ali nayo, ndipo akuyenera kukafika Lachisanu likubwerali. Bambo ake akana. Akuti mwana wawo sangapite kukataya mikodzo ya anthu, bola akhale pakhomo adikire banja. Ndipo ukudziwa mawu amene akumalizira nawo? "Ukanakhala udokotala ngati wa mwana wa a Namakhwa, ndikanamuperekeza ndekha." Iwe pobwerako ku Lilongwe Lachisanu lidzakhala litapita, malo a Rozina atapatsidwa wina. Gwira zimenezi m'mutu, ndibwererako.

Ndiyambe ndi pepala lako limene unasiya patebulo, la mayina a anthu amene ukufuna akhale akazembe ako. Ndinaliwerenga, inde, nyumba ino ndi yanga. A hedimasitala. Abusa. A khansala. Mwana wa manijala uja wa foni yaikulu. Abale inu! Anthu amenewa adzabwera ku msonkhano wako, adzamwa zoziziritsa kukhosi, adzavala sikipa imene uwapatse, adzajambulitsa, basi. Khansala amene tinamuona komaliza nthawi ya kampeni ndi amene akakhale pansi ndi bambo wouma mutu mpaka atafewa?

Chaka chimene anandikweza kukhala kapitawo, akuluakulu a esiteti anandituma kuti ndiuze otchola kuti amayi oyembekezera azipita kusikelo ya kuchipatala Lachitatu, ndipo sadzalembedwa kuti ajomba. Ine ndi ukapitawo wanga watsopano ndinauza kalaliki alembe chikalata, tinachimata pa shedi yoyezera masamba, ndinauza akapitawo anzanga, ndinabwera kunyumba ndikudzimva. Mwezi unatha, palibe anapita. Mayi wina wopanda mantha anafika Lachitatu pa sikelo ya masamba, mimba ili apo, n'kumufunsa kalaliki kuti, "Paja mwati sikelo? Ndipachikenitu pa ngowe yanuyo ngati dengu." Mzere wonse unagwa nako kuseka, ine ndili chiimire. Amene anandipulumutsa ndi Mayi Esitere, mayi amene ndinkadana naye chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Tsiku lina ali pamzere anangonena m'Chilomwe, osayang'ana munthu, kuti iye Lachitatu akuperekeza mwana wake woyembekezera, wofuna atsatire. Gulu linamutsatira. Ine ndinakanena ku ofesi kuti ntchito ndaigwira, dzina la Mayi Esitere sindinalitchule n'komwe. Mpaka lero tikakumana pachigayo amandiyang'ana mondidziwa.

Ndiye funa a Esitere ako, Stefano. Sadziwa kulemba lipoti, ena foni alibe, koma akanena chinthu m'mawa pa sikelo, pofika masana chafika kutali ku Mphuka. Pita kwa akabaza a pa Khonjeni, ndiwo amanyamula amayi kupita nawo kuchipatala kwanuko, amadziwa nesi wabwino ndi woipa kuposa akuluakulu ako. Pita kwa Abiti Saidi wa golosale pa Goliati, amayi a ku mzikiti onse amadutsa pa kauntala pake. Pita kwa anamkungwi, amene amalangiza atsikana akatha msinkhu, ndipo upite chogwada, chifukwa nkhani za uchembere kwathu kuno ndi zawo, iwe wangozipeza kusukulu. Ukawadumpha amenewo, adzangoti "mwana wa a Namakhwa akuulula za kuchikuta kwa ana," netiweki yako n'kuthera pomwepo. Ndipo ukafika kwa akuluakulu upereke moni m'Chilomwe. Ukuchidziwa, usanamizire. Agogo ako sanawoloke malire kuchoka ku Mozambiki kuti mdzukulu wawo azidzawapatsa anthu moni wa Chingerezi.

Koma zonsezi ndikuuzazi zilibe ntchito ngati a Mulima sasintha maganizo. Usaiwale Lachisanu.

Nkhani iyi sindinakuuzepo bwinobwino. Unali ndi zaka zitatu, amayi ako ali ndi pakati pena. Tsiku lina ndinawaperekeza kuchipatala ndikuchokera kumunda, mvula itagwa, mabuti ali matope okhaokha. Nditangoponda pakhonde, nesi wina anakuwa kuti, "Inu a mabuti, matope anuwo kunja! Kuno si kumunda!" Amayi onse a pabenchi anaseka. Ine, kapitawo, wolamula anthu! Ndinatuluka, ndipo panjira ndinalumbira kuti mkazi wanga sadzapondanso pamenepo. Matenda atayamba m'mawa wina, ndinaitana amayi achikulire a kumalayini, ine n'kukakhala pansi pa mtengo monga amuna timachitira. Dzuwa linafika pamutu, zii. Linapendeka, zii. Kenaka mmodzi anatuluka n'kundiuza kuti magazi achuluka. Tinaimitsa thirakitala ya masamba, amayi ako tinawagoneka pamwamba pa matumba a tiyi. Pofika kuchipatala, amene anathamanga kudzatilandira ndi nesi yemwe uja. Nsapato imodzi inamuvuka pothamanga, sanaitole. Matope anga sanawayang'ane. Anawapulumutsa amayi ako. Koma khandalo, mlongo wako, silinalire. Nesiyo anatuluka yekha kudzandiuza, maso ali ofiira, ndipo ine sindinathokoze. Anasamuka patapita miyezi, dzina lake sindilidziwa. Zimandipweteka mpaka lero, Stefano. Iye analakwa ndi pakamwa, ine ndinalakwa ndi kunyada, koma kulakwa kumene kunapha mwana ndi kwanga.

Ndakuuza zimenezi kuti udziwe kuti kazembe woyamba si wovala sikipa ayi, ndi nesi amene waima pakhomo la chipatala. Akamukalipira mayi mmodzi, mayiyo akafika kwawo n'kuuza mwana wake wamkazi kuti ntchito imeneyo ndi ya anthu amwano, misonkhano yako khumi yapita m'madzi. Ukawauze anzako ku Lilongweko, ngakhale sakufunsa. Ndipo uyambe ndi iwe mwini. Amayi ako anakumva mwezi wathawu ukumukalipira mayi amene anaiwala buku lake la kuchipatala. Anabwera kunyumba osandiuza, koma ine ndinaona kuti chawadya mumtima, ndinawafunsa mpaka ananena. Ndikudziwa mumatopa, ndikudziwa mumakhala awiri pa anthu odzaza khonde lonse. Koma mayi amene wayenda wapansi kuchoka ku Mphuka ndi mimba naye watopa. Iwe, mwana wa munthu amene anathamangitsidwa ndi mawu, ukuthamangitsa ena ndi mawu? Leka zimenezo.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikupazungulira. Bodza la udokotala sunaliyambe ndiwe, ndinaliyamba ndine. Ukukumbukira tsiku unabwera ndi kalata yako, ukuthamanga, n'kundiuza kuti wasankhidwa unamwino ndi uzamba? Ukukumbukira zimene ndinayankha? Ine ndikuzikumbukira. Ndinati, "Mwamuna? Kuchikuta? Wandivula, mwana iwe." Kwathu kuno mwamuna safika pamene mayi akuchira, ngakhale mwini mimbayo amamuthamangitsira pansi pa mtengo, ndiye ine ndimaganiza kuti anzanga akamva andiseka mpaka kumanda. Tsiku limenelo sunadye. M'mawa mwake poitana mayina kumunda, a Mulima anandifunsa kuti mwana wasankhidwa chiyani. Ndinati zachipatala. Iwo anati, "Udokotala?" Ine ndinati, "Eee." Basi, kamawu kamodzi, ndinkaganiza kuti kathera pomwepo. Pofika masana otchola onse ankandigwira chanza.

Utabwera patchuthi choyamba, anthu anakulandira pamsewu akuti "adokotala afika." Unandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhuku. Unadikira kuti ndikonze, sindinakonze, nawenso unangokhala chete, ndipo chete ameneyo wakula nawe. Ndiponso kuno n'kosavuta kunama bodza limeneli, chifukwa mwamuna aliyense wovala zoyera timamutcha adokotala, ngakhale wokankha machira, pamene mkazi, ngakhale atakhala dokotala weniweni wong'amba anthu, timangoti anesi. Ndiye bodza langa linapeza mphasa yoyala kale. Ine ndinakuphunzitsa kuchita manyazi ndi ntchito yako, ndipo unaphunzira bwino, monga umaphunzirira zonse. Ndikukukwiyira lero chifukwa cha chinthu chimene ndinakupatsa ndi manja anga, ndipo ndikadziyang'ana ndimakwiya kawiri.

Choipitsitsa ndi cha chaka chatha. Mpongozi wa a Mulima anachirira kuchipatala kwanu kuja, kumene dokotala kulibe, kuli inu anamwino nokha. Mwana anabadwa osapuma. Unalimbana naye iwe mpaka analira, amayi onse a pakhonde ananena. A Mulima anabwera pano ndi tambala m'khwapa kudzathokoza "adokotala," ndipo mdzukuluyo anamupatsa dzina loti Dokotala. Pamenepo ndiye panali ponena zoona. Ndikanangoti, "A Mulima, amene wachita zimenezi ndi mzamba." Koma ayi, ndinalandira tambala ndi manja awiri, tinadya, iwenso unadya, unapemphanso chiwindi. Ntchito ya mzamba tinaipereka kwa dokotala amene kulibe. Lero munthu yemweyo akuti uzamba ndi kutaya mikodzo, ndipo sindingamunene, anamuphunzitsa ndife.

Ndiye lero titaweruka kutchalitchi, iwe uli kotsanzikana ndi anzako, ine ndakwera kumtunda. Miyendo imakana, koma ndafika. Ndawapeza a Mulima akusoka lamba wa dengu lawo pakhonde, Rozina akutsuka mbale kuseri, kamdzukulu kaja kakukwawa pafumbi.

Ndati, "A Mulima, ndabwera ndi mlandu wanga."

Iwo ati, "Mlandu wanji Lamulungu, a kapitawo?"

Ndati, "Mwana wanga si dokotala."

Aika dengu pansi. "Amuchotsa ntchito?"

"Sanakhalepo dokotala. Ndi namwino. Ndiponso ndi mzamba."

Aseka, Stefano, aseka mpaka kutsokomola. Ati, "Mwadzera kuti pochoka kutchalitchi? Mwamwa?" Ndawauza kuti sindinamwe, ndipo ndawakumbutsa m'mawa uja poitana mayina, funso lawo ndi yankho langa. Kuseka kwatha. Kuseri kuja mbale zasiya kulira.

Aloza kamwana kaja n'kufunsa kuti, "Nanga amene anamupumitsa uyu ndani?"

Ndati, "Ndi yemweyo. Imeneyo ndiyo ntchito ya mzamba. Imeneyo ndiyo akufuna kukaphunzira Rozina."

Ayang'ana mdzukulu wawo, andiyang'ana ine. Kenaka ati, "A Namakhwa, mwandinamiza zaka zonsezi, ine n'kumutcha mdzukulu wanga dzina la bodza lanu. Lero ndidziwa bwanji kuti simukundinamizanso kuti mwana wanga apite? Pakamwa panu ndasiya kupakhulupirira. Abwere mwini wake. Aime pano andiuze yekha ntchito yake. Ndipo andiuze ngati amachita nayo manyazi, chifukwa munthu wobisa ntchito yake zaka zonsezi pali chimene akubisa. Akandiyang'ana m'maso n'kunena kuti alibe nayo manyazi, Rozina apita."

Ndatsika phirilo ndekha. Sanandiperekeze n'komwe, munthu amene ndagwira naye ntchito kuyambira tili anyamata. Pofika mawa masana esiteti yonse idzakhala itamva kuti a kapitawo Namakhwa ndi abodza, ndipo Mayi Esitere ndiye aifikitsa mpaka ku Goliati. Zindiwawa, sindikubisira. Koma ndazifuna ndekha.

Ndiye mvera, mwana iwe, ndipo apa usandiuze "ndamva, ababa." Minibasi yoyamba ikusiye. Ndikudziwa wakonza zokwera yam'mamawa kuti ukafike msanga, ukasankhe bedi labwino, ukadziwane ndi akuluakulu. Lilongwe sasamuka. A Mulima amatsikira kumunda isanakwane sikisi, ndiye upite usanamwe tiyi. Uvale yunifolomu yako ya kuntchito, osati jekete limene wagulira ulendowu. Foni uisiye m'chikwama. Ukafika ukhale pansi, pereka moni, usayambe ndi mawu akuluakulu a kusukulu. Akakutcha adokotala mwa chizolowezi, uwakonze pomwepo, mwaulemu. Akakufunsa ngati umataya mikodzo, uvomere, chifukwa umataya. Uwauzenso zina zimene manja omwewo amachita. Usawakometsere ntchitoyi, kukometsa ndi kumene kwatifikitsa pano. Uwauze kuti mumatopa, kuti anthu ena amakunyozani, kuti masiku ena mwana salira ngakhale mutayesetsa bwanji. Munthu uja watchola tiyi moyo wake wonse, ntchito yowawa saiopa, amangodana ndi kupusitsidwa.

Ndipo usawanamize pa funso lawo lomaliza. Ngati mumtima mwako manyazi ndinakupatsa aja akadalimo, usakwere phirilo, ukangomuwonongera Rozina. Koma ukatero, ku Lilongwe ukukatani? Ukabwera ndi mapepala, ndi masikipa, ndi mndandanda wa akazembe makumi angati kaya, pamene mtsikana mmodzi wa kumtunda kwathu, wokhoza kale, wofuna kale, unalephera kumuyankhulira mawu atatu. Netiweki yakoyo ikuyambira pakhonde la a Mulima mawa m'mawa, kapena siyamba n'komwe.

Amayi ako akuti ndisakukalipire tsiku lonyamuka. Akupangira mbatata ndi mapeyala a panjira, ndipo akuti ndikukumbutse juzi, ngati kuti ku Lilongwe kumazizira kuposa kuno. Ndawauza kuti sindikukalipa, ndikulemba. Ati ndi chimodzimodzi.

Chimodzi chatsala, chimene ndinayenera kunena tsiku lija unabwera ndi kalata ukuthamanga. Sunandivule, Stefano. Mlongo wako akanapeza munthu ngati iwe nthawi yabwino, bwenzi lero ali ndi ana ake. Ndimakunyadira, ndipo ndimanyadira ntchito yeniyeniyo, osati imene ndinakupekera. Lero ndanena pamaso pa munthu kuti mwana wanga ndi mzamba, koyamba chibadwire, ndipo lilime silinathothoke.

Mawa ndidzuka nawe. Ndikuperekeza mpaka pakhomo la a Mulima, ndikakhala pambali. Koma sindikayankhula, ngakhale undiyang'ane bwanji. Ndinakuyankhulira kamodzi, waona zimene zinatuluka. Ukanene wekha.

Ndine bambo ako wokwiya, amene akukudikira panja,

Namakhwa